Kamphete ka pa Shoko ya Malume

Njinga imene malume ankapitira kuntchito ku shafuti ya mgodi ndinaimanga ndine. Felemu yake inasiyidwa ndi mzungu wina wa ku Protea Park amene anagula yatsopano n'kunena kuti yakaleyo titaye. Bwana wa shopu imene ndimagwirako ntchito anandiuza kuti ngati ndikuifuna ndiichotse msanga chifukwa ikutchinga njira. Matayala ndinatola apa, mabuleki apo, chishalo chong'ambika ndinachikulunga ndi tepi. Chinthu chokhacho chimene chinali chabwinobwino pa felemuyo chinali shoko yakumbuyo, kachitsulo kooneka ngati kachitini katali kamene kamakhala kunsi kwa chishalo n'kumameza mabampu.

Malumewo ndi mlongo wawo wa mayi anga. Ndi amene ankandilipirira sukulu, ndipo ine ndinaisiya ndili Fomu 2. Sindinalephere ndipo fizi siinasowe. Ndinangotopa ndi kukhala pa benchi tsiku lonse kumvetsera munthu mmodzi akulankhula. Ndinayamba kabaza pa Balaka, kupeza lero kudya lero. Mayi atatopa nane anaimbira mlongo wawoyo n'kuwauza kuti, "Achimwene, katundu wanuyu dzamutengeni." Kwathu mwana wa mlongo wako ndi wako, ufune usafune. Malume ananditumizira ya basi, anandilandira ku Chaneng, kuno ku Joni, m'kachipinda kawo kakuseri kwa nyumba ya mayi wina wa Chitswana, n'kundiyalira matiresi pansi. Za sukulu sanazitchule. Bola akanandikalipira tsiku loyambalo n'kuthana nazo, koma iwo ankangondigawira ndiwo zochuluka kuposa zawo, ine n'kumadya nditakwiya.

Iwo ankagwira ntchito pansi pa mgodi, pansi pa kontilakita. Kontilakita si kampani ya mgodi, ndi munthu amene amabwereketsa anthu ku mgodi. Akakufuna uli pantchito, akapanda kukufuna palibe amene amakuchotsa, amangosiya kukuitana. Malume anali atakhalamo zaka zambiri m'moyo umenewu, mpaka kumudzi ena ankawatchula kuti mtchona, ngakhale kuti palibe mwezi umene sankatumiza kanthu. Mwana wawo wamkazi, msuweni wanga, anali atalowa Fomu 4 pa sukulu yogonera komweko. Ameneyo ndiye ankawerenga. Dzina lake likatchulidwa malume ankawongoka ngati awaitana kutsogolo kutchalitchi.

Ine ntchito ndinaipeza m'tauni, yotsuka njinga. Makasitomala athu ndi mabwana a m'migodi ndi akazi awo, anthu amene Loweruka amanyamula njinga pagalimoto, kupita nayo kuphiri, kukwera phirilo popanda chokatenga kumeneko, kutsika, n'kudzandipatsa ine matope. Munthu amene wanyamulapo thumba la chimanga ndi mwini wake pa kaliyala saona chosangalatsa pamenepo. Koma matope ndinkatsuka, ndipo potsukapo ndinkayang'ana zimene bwana akuchita. Patapita nthawi anayamba kundisiyira mashoko, chifukwa iye maso anali atayamba kumuvuta pa tizinthu ting'onoting'ono.

Njinga yakale ya malume inali yachitsulo, youma ngati wilibala. Njira yachidule yochokera ku Chaneng kupita ku shafuti kwawo ndi yafumbi, ndipo malole anaisandutsa mizeremizere ngati malata. Ankafika kunyumba atagwira m'chiuno. N'chifukwa chake felemu ija ndinaifuna.

Tsiku limene ndinawapatsa linali Lamlungu masana, titabwerako kutchalitchi. Ndinabwereka pampu ya shoko kushopu, kapampu kakang'ono kokhala ndi geji, chifukwa pampu ya matayala siingakwanitse.

"Valani zonse zimene mumavala popita kuntchito," ndinawauza. "Majombo, jekete, chikwama chomwe."

"Iwe, njinga imafunsanso zovala? Ndi apolisi?"

"Ingovalani, malume."

Anavala akung'ung'udza. Ndinagwira handulo n'kuwauza kuti akwere.

"Ndikwere ndipite kuti, iwe wagwira?"

"Simukupita kulikonse. Ingokhalani. Osapalasa, osadumpha."

Shoko yamtundu umenewu ilibe sipuling'i, m'kati mwake muli mpweya. Pa kamtengo konyezimira kamene kamalowa ndi kutuluka pamakhala kamphete ka labala. Umakakankhira kumapeto, munthu n'kukhala pachishalo, njinga n'kutitimira pang'ono. Akatsika bwinobwino umayang'ana pamene kamphete kaja katsalira. Kayenera kuyenda pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kamtengoko. Kakayenda pang'ono ndiye kuti mpweya wachuluka, njinga ikhala youma ndipo tayala lakumbuyo lizingodumphadumpha. Kakayenda kwambiri ndiye kuti mpweya wachepa, ukagunda bampu shoko ifika pothera n'kugogoda. Palibe zamatsenga. Mpweya umayenera kufanana ndi kulemera kwa munthu amene wakhalapo, basi.

Malume nthawi imeneyo anali chimunthu, mapewa ngati chitseko. Atakhala, njinga inagwada mpaka pansi. Ndinapopa, anakhalanso, ndinapopanso mpaka mkono unawawa.

"Mpweya wonsewu ukuthera mimba yanuyi," ndinatero.

"Mimba imeneyi ndi imene inakubweretsa ku Joni, mampara iwe, chitsiru. Uziilemekeza."

Kenako ndinakonza kabatani kofiira kamene kamalamulira liwiro limene shoko imabwerera nalo ikameza bampu. Kakatseguka kwambiri njinga imakuponya m'mwamba ngati bulu wolusa, kakatsekeka kwambiri imangotitimirabe osadzuka. Ndinawauza kuti kameneka asamakakhudze. Anapalasa kukazungulira kuseri kwa sitolo ya pakona, kumene kuli maenje, ndipo anabwera akuseka pakamwa ponse.

"Mphwanga, msewu uja authira tala liti?"

Anzawo ku shafuti anaitcha sofa ya matayala. Madala ena a ku Tete ankapempha kuti angokhalapo pang'ono n'kumadzigwedeza. Malume ankawauza kuti, "Basopa, waikonza ndi mwana wa mlongo wanga, ndi injiniya." Ndinkadana nalo dzina limenelo. Ndinkadziwa kuti injiniya ndi amene iwo ankafuna kuti ndikhale, ndipo tsopano ankangolinamatika pa wotsuka njinga.

Panapita miyezi ingapo zonse zili bwino. Kenako tsiku lina madzulo, akuvula majombo, anati, "Sofa yako ija yauma."

"Siingaume."

"Ndikunama ine? Ikundimenya m'chiuno ngati yakale ija."

Ndinawayankha mwamwano. Ndinali nditatopa, ndipo tsiku lonse ndinali nditamva madandaulo a anthu amene sadziwa kusiyanitsa tayala lophwa ndi shoko yowonongeka. Shoko ikavuta imataya mpweya n'kufewa. Siidziwonjezera yokha mpweya. Komabe ndinaganiza kuti mwina fumbi lalowa, ndiye ndinaimasula, kupita nayo kushopu, kusintha malabala a m'kati, kuthira mafuta, n'kupaka girisi m'mabering'i onse a m'malo opindika a felemu. Ndinaibwezera ndi mpweya womwe uja, pa mzere womwewo wa geji umene ndinaika tsiku loyamba. Sindinawakhazike n'komwe kuti ndione kamphete. Ndinkadziwa kale kulemera kwawo, ndikanawayezeranjinso?

Patapita masiku anati siinasinthe. Ndinati msana wawo ndi umene wakalamba.

Ndiye anaganiza zoikonza okha. Anatenga msomali n'kutobola pa valavu monga mmene timachitira ndi tayala likalimba kwambiri. Koma m'shoko mpweya ndi wochepa zedi ndipo ndi wothinana, ukangokhudza umatuluka wonse nthawi imodzi. Njinga inagwada pomwepo, chishalo chinatsala pang'ono kukhudza tayala. Anaikankha kupita pa filing'i siteshoni, anyamata a pamenepo anayesa ndi paipi yawo, sizinatheke. Anafika kunyumba wapansi, akuikoka, thukuta lili kamukamu, akutsokomola mpaka anakhala pansi pakhomo.

"Ndinakuuzani kuti musamakhudze!"

"Unati kofiira. Kameneka ndi kakuda."

Loweruka ndinabwera ndi pampu. Ndinapopa mpaka pa mzere wakale n'kuwauza kuti akwere. Anakhala, anatsika, ndinayang'ana kamphete. Kanali kasanayende n'komwe theka la pamene kanayenera kufika. Ndinawakhazikanso, chimodzimodzi. Ndinatulutsa mpweya pang'onopang'ono ndi kabatani ka pa pampu mpaka kamphete kanafika pamalo pake, ndinatsegulako kofiira kaja kuti shoko izibwerera msanga poti mpweya wachepa, n'kuwauza kuti yatheka. Ndinadziuza kuti mwina geji ya pampu yayamba kunama. Mapampu amenewa amatero akakalamba.

Geji siinkanama. Lolemba ndinaiyerekeza ndi ina kushopu ndipo zinafanana.

Kuyambira pamenepo ndinayamba kuona zimene zinali pamaso panga nthawi yonseyi. Lamba wawo anali ndi bowo latsopano loboola ndi msomali. Bulangete lawo m'mawa ankaliyanika pa waya, lonyowa, chonsecho kunja kukuzizira. Nyama ya m'mbale yawo inkasamukira m'mbale yanga yonse, osatinso theka. Chifuwa chija ndinali nditachizolowera ngati phokoso la sitima za mgodi, chifukwa ku Chaneng mwamuna aliyense wa msinkhu wawo amatsokomola. Munthu ukamagona naye chipinda chimodzi sumuona akutha. Nkhope ya lero imafanana ndi ya dzulo. Kamphete kokha ndi kamene sikankadziwa zimenezo.

Pasanapite nthawi yaitali anadandaulanso kuti yauma. Ndinabweranso ndi pampu, kamphete kanaperewanso. Ulendo uno sindinatulutse mpweya msanga. Ndinakhala chonjuta pambali pa njinga, iwo ataima pamwamba panga.

"Malume, njingayi ilibe vuto."

"Ndiye ikundimenyeranji?"

"Inuyo ndi amene mwapepuka. Mukutha. Pitani kukiliniki."

Anayang'ana kukhomo la mayi wa nyumba uja ngati alipo amene wamva, kenako anati, "Ayikona."

"Ayikona chiyani?"

"Ukudziwa chimene chimachitika. Akangondipeza ndi chifuwa, pansi sindilowanso mpaka atanena iwo. Ukuganiza kontilakita adikira? Pa geti pali anyamata ambirimbiri a msinkhu wako, amphamvu, akungodikira kuti wina agwe."

"Ndiye mufere pansi pamenepo?"

"Ndani wanena za kufa? Ndingofika nthawi ya mayeso. Mwana alembe, atuluke, ndiye ndipita kukiliniki kwakoko ndi miyendo yangayi. Teremu ziwiri zokha."

"Teremu ziwiri muli chonchi?"

Ndiye ananena chinthu chimene anali asananenepo chifikireni changa.

"Iwe unasiya wekha. Palibe anakutulutsa. Uyu asasiye chifukwa cha ine."

Munthu amene anataya fizi ya anthu m'madzi angauze chiyani mwini fiziyo za sukulu? Anandiuza kuti ndisauze mayi, ndisauze anti, akazi awo, kumudzi, ndisauze aliyense kutchalitchi. Ndinavomera. Ndinalumikiza pampu, ndinatulutsa mpweya, shoko inalira kuti psii, ndipo njinga inakhalanso sofa. Mawa lake anapita kuntchito bwinobwino, msana osawawa. Ndinali nditawakonzera njira yoti azidwala momasuka.

Mayi amaimba Lamlungu lililonse. Funso lawo loyamba silisintha.

"Amalume ako ali bwanji?"

"Ali bwino."

"Akudya?"

"Akungonenepa," ndinatero tsiku lina, malume ali pomwepo akusoka jekete. Anandiyang'ana n'kugwedeza mutu movomereza. Mayi akafuna kuti tiyatse kamera awaone mlongo wawo, malume ankakuwa ali patali kuti netiweki ya kuno ndi yachabechabe, ine n'kumavomereza kuti eya, yavutadi.

Kushopu ndinkakhala wolusa. Mayi wina anabwera kudzadandaula kuti njinga yake yauma chifukwa wachepetsa thupi pokonzekera mpikisano, akunena monyadira, akudzisisita pamimba. Ndinamutulutsira mpweya osamuyang'ana kumaso, ndipo bwana anandikokera kuseri n'kundiuza kuti ndiphunzire kumwetulira kapena ndibwerere ku payipi yotsukira.

Kenako malume anasiya kudandaula. Ndinasangalala, ndinaganiza kuti mwina thupi laima. Koma Loweruka lina ndikutsika takisi ndinawaona patali akuchokera ku shifiti ya m'mawa. Pa mizere ya msewu ija tayala lakumbuyo linkadumpha ngati chiwala, iwo atadzuka pachishalo, atatsamira handulo. Atafika pa kamtunda kakang'ono ka pafupi ndi thanki ya madzi, kamene ngakhale ana amakwera akuseka, anatsika n'kuyamba kukankha. Anaima kawiri asanafike pamwamba.

Loweruka lotsatira ndinabwera ndi pampu osawauza.

"Kwerani, malume."

"Ili bwinobwino. Ndadandaula ine?"

"Simunadandaule. Kwerani."

"Dikira ndivale za kuntchito. Si paja njinga yako imafunsa zovala?"

Analowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Anatuluka atavala majekete awiri, dzuwa likuswa mtengo, chikwama chili kumsana. Ndinakankhira kamphete kumapeto n'kugwira handulo. Anakhala. Njinga inatitimira bwinobwino. Anatsika, ndinayang'ana, kamphete kanali pamalo pake penipeni.

Ndinatsala pang'ono kuseka. Ndinaganiza kuti mwina ndi chifuwa wamba, mwina madala akudziwa thupi lawo kuposa ine, mwina ndangokhala ndikudziopseza ndi kalabala.

"Waona?" anatero. "Injiniya wabodza."

Potembenuka kuti azilowa, chikwama chinagunda felemu. Chinalira ngati belu la sukulu.

Ndinachigwira asanachoke. Anakoka, ndinakoka, ndipo chimene chinandiopsa n'chakuti ndinawalanda mosavuta, munthu amene kale ankandinyamula ndi dzanja limodzi. M'kati munalibe chakudya kapena botolo la madzi. Munali zidutswa za jombolo, chitsulo chobowolera miyala pansi pa mgodi, zimene ankatsamiritsira chitseko kukakhala mphepo. Anali atazikulunga m'thawulo kuti zisalire.

"Mukunamiza ndani, malume? Ine kapena njinga?"

"Usandikweze mawu. Ndine malume ako."

"Mwaika zitsulo m'chikwama ngati mwana!"

"Mwana ndi iwe. Bweretsa chikwama changa."

Sindinabweze. Ndinawauza kuti avule jekete imodzi akwerenso, apo ayi njingayo ndiimasula tsiku lomwelo n'kuibwezera kushopu zidutswazidutswa. Anakwera, mwina chifukwa analibe mphamvu zokangana. Kamphete kanangosuntha pang'ono. Ndinatulutsa mpweya, ndinatulutsanso, ndikuyang'ana singano ya geji ikutsika, mpaka inafika pamene ndimaikira njinga za ana a sukulu a makasitomala athu. Apo m'pamene kamphete kanafika pamalo pake.

"Yatheka?" anafunsa.

"Yatheka."

"Ndiye khala chete monga tinapangana. Kwatsala pang'ono."

Lolemba pa nthawi ya nkhomaliro ndinapita kuseri kwa shopu, pamene timayanika njinga zotsuka, n'kuimbira mayi. Ndikanakonda kunena kuti ndinaimba chifukwa cha chikondi, nditaganiza mofatsa. Ayi. Ndinaimba nditapsa mtima kuti anandipusitsa ndi zitsulo ndipo ine ndinakhulupirira. Za msuweni wanga sindinaziganizire n'komwe mpaka foni itayamba kuitana. Sindinasankhenso mawu.

"Mayi, mlongo wanu akutha. Akudwala chifuwa, akukana chipatala. Ndakhala ndikukunamizani."

Mayi anafunsa kuti kuyambira liti. Nditawauza anati, "Ndiye iwe unkangoyang'ana?" n'kudula.

Pofika madzulo nkhani inali itafika kwa anti, ndipo foni ya malume siinapume. Ndinawapeza atakhala pabedi, foni ili pakhutu, mawu a mayi akumveka mpaka pakhomo, akulira, akukalipa, akuwakumbutsa abale athu amene anabwera kuchokera ku Joni ali m'bokosi. Malume ankangoti, "Ndamva, achemwali. Ndamva." Mlongo wawo sanamukanirepo kanthu chibadwire. Atamaliza anaika foni pansi n'kundiyang'ana. Ndinkadikira kuti anditukwane. Anangotenga thawulo n'kupita kukasamba.

Kukiliniki anawapeza ndi chifuwa chachikulu, komanso mapapo anali ndi zipsera za fumbi la mgodi. Anawapatsa mankhwala akumwa miyezi yambiri n'kuwauza kuti pansi asalowe kaye. Ine anandiyezanso poti timagona chipinda chimodzi, sanandipeze nacho. Nesi amene anandiyezayo anandifunsa kuti munthuyu wakhala akutsokomola nthawi yaitali bwanji, ndipo nditamuuza anapukusa mutu n'kunena kuti akanabwera msanga mapapo sakanawonongeka chonchi. Ndinaganiza za ulendo uliwonse umene ndinatulutsa mpweya uja osauza munthu.

Zina zonse zinachitika ndendende monga ananenera malume. Palibe anawachotsa ntchito. Kontilakita anawauza kuti apume, achire, adzawaitana. Sabata yomweyo pamalo pawo panalowa mnyamata wina. Kontilakiti yawo itatha sanaitanidwenso.

Tinakhalabe chipinda chimodzi kwa kanthawi. Ankamwa mankhwala awo m'mawa, kukhala padzuwa, kumvera wailesi. Ankandiyankha ndikawafunsa, eya kapena ayi, koma sananditchulenso mampara kapena injiniya. Ndiwo ankagawa pakati ndendende. Njinga inali itatsamira khoma, fumbi likuunjikana pachishalo.

Atapezako mphamvu anaganiza zokamalizira mankhwala kumudzi, chifukwa kuno kukhala osagwira ntchito ndi kudya zimene ukanatumiza. Ndinawaperekeza kokwerera basi. Katundu wa zaka zonse zija anakwana m'zikwama ziwiri ndi thumba limodzi la pulasitiki. Ndinali nditawauza kuti njinga ndiimasula matayala, ikwera pa ngolo ya basi.

"Isiye," anatero. "Ndi yako."

"Ndi yanu, malume. Ndinamangira inu."

"Kumudzi kapampu kako kaja ndikakapeza kuti?"

Anakwera. Anakhala mbali ya kuwindo lakutali, ndipo sindinawaonenso nkhope mpaka basi inanyamuka.

Msuweni wanga teremu yomaliza sanagonenso kusukulu. Anamupezera malo kwa achibale ena a anti, kutali ndi sukuluyo, ndipo ankayenda wapansi m'mawa ndi madzulo, kufika kumeneko n'kuyamba kutunga madzi a eni nyumba. Mayeso analemba. Zotsatira zitatuluka anali atakhoza, koma osati mokwanira kupita kumene ankafuna. Aphunzitsi anati abwereze. Iye sanandiimbirepo kudzandinena. Anangonditumizira uthenga wondithokoza kuti bambo ake ali moyo, ndipo uthenga umenewo ndinauwerenga kamodzi n'kuufufuta, chifukwa sindinkafuna kuuonanso.

Ndinauza mayi kuti zobwerezazo ndiyesetsa ndine. Malipiro a wotsuka njinga sakwanira kanthu ukachotsapo lendi ndi takisi, ndiye ndinachotsa takisi. Kuchokera ku Chaneng kufika m'tauni ndi mtunda woti munthu wanzeru sangapalase tsiku ndi tsiku, koma miyendo ya kabaza ndikadali nayo.

Tsiku loyamba ndinangoikwera njinga ija mmene inalili. Nditangokhala inagwada mpaka pansi, ndipo pa bampu yoyamba shoko inagogoda ngati nyundo. Ndinaikankha kubwerera. Ine, munthu wowonda chibadwire, ndinali wolemera kwambiri kwa mpweya umene ndinasiyira malume. Ndinakwera takisi tsiku limenelo, madzulo n'kubwera ndi pampu. Panalibe wondigwirira handulo, ndiye ndinatsamira khoma ndi chigongono, kukhala, kutsika, kuyang'ana kamphete, kupopa, kukhalanso. Mayi wa nyumba uja ankandiyang'ana ali pakhonde, kenako anandifunsa m'Chitswana ngati madala afika bwino. Ndinati afika.

Mayi amaimbabe Lamlungu. Amati malume akumwa mankhwala mosadumphitsa, masaya ayamba kubwerera, koma akayenda pang'ono amapuma ngati athamanga, ndipo khasu sangaligwire. Ndikapempha kuti ndilankhule nawo, mayi amachoka ndi foni, ndimamva mapazi awo, wailesi, chifuwa chija, kunong'onezana, kenako amabwerera n'kunena kuti agona.

Lamlungu lapitali zinali chimodzimodzi. Agona. Ndinati chabwino, ndipo ndinali pafupi kudula pamene mayi anati, "Dikira, akunena zina." Ndinamva mawu a malume chapatali, osamveka bwino, kenako mayi anabwereza.

"Akuti njinga ija usamaisiye padzuwa. Akuti unawauza wekha kuti malabala ake amauma."

"Anenanso china?"

"Ayi, n'zomwezo."

Foni itaduka ndinasuzumira panja. Inali pakati pa bwalo pamene ndinaisiya pobwera kutchalitchi, chishalo chikutentha. Ndinatuluka n'kukaikankhira kuseri, pamthunzi.